Bambo Amene Ankafa Kawiri pa Chaka

Pa komboni ya esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Chipinge, mukafunsa za a Joachim Makwinja, palibe amene angakuuzeni kuti ndi mlonda wa pageti la fakitale, ngakhale ntchito yawo ndi imeneyo. Anthu amangoti, "Mukunena amene amafa aja?" kenako n'kukulozerani nyumba ya mpanda wa nthochi. Ndipo sanama. Kwa zaka zambiri bamboyu ankafa kawiri pa chaka, n'kudzuka, n'kusamba, n'kubwerera kunyumba ndi njala ya tsiku lonse.

Anabadwira ku Ruda, m'chigwa cha Honde, kumene bambo awo anafika wapansi kuchokera ku Mulanje kudzathyola tiyi. Nawonso anakulira m'mizere ya tiyi, dengu lili kumsana, mpaka pamene anakumana ndi Selestina pa msonkhano wa tchalitchi n'kumutsatira ku Chipinge. Anali munthu wamfupi, wa kamimba, wosadziwa kuimba ngakhale pang'ono. Koma Mulungu sataya wake. Anawapatsa luso limodzi lokha, luso la kugwa. Pa sewero la Pasaka ankawapatsa gawo la msilikali wolondera manda, amene amagwa ngati wakufa mwala ukagubuduzika. Ena akagwa amayamba ayang'ana pogwera, amatsogoza dzanja, amasankha pofewa. A Joachim ankagwa ngati thumba la feteleza lotsitsidwa mu lole, moti chaka chilichonse pankapezeka mayi mmodzi wothamanga ndi madzi.

Amene anaona kuti luso limeneli lingagwire ntchito kunja kwa tchalitchi anali a Sipiwe, namwino wa pa kiliniki ya esiteti. Anawapeza pageti tsiku lina n'kuwauza m'chilankhulo chawo chosakaniza Chishona ndi Chinyanja: "Sekuru, ndiri kutsvaga, ndikufunafuna munthu wodziwa kugwa. Anachiremba, madokotala, akubwera kudzaphunzitsa anzawo za ngozi, ndiye akufuna munthu wamoyo woti aziyeserapo."

Kuti mumvetse zimene a Joachim analowamo, muyenera kudziwa kuti nthawi imeneyo madokotala opulumutsa anthu ovulala anali ndi mabungwe awiri. Lina linali la amene amakonza mafupa othyoka ndi mabala a ngozi. Lina linali la amene amatsegula mimba mwadzidzidzi, matumbo akapotana kapena magazi akamatayikira m'kati. Onse anali anthu a mpeni, onse ophunzira, ena anakhalapo m'kalasi imodzi. Koma bungwe lililonse linali ndi tcheyamani wake, baji yake, msonkhano wake ndi nyengo yake yophunzitsa. A mafupa ankabwera m'nyengo yozizira, a m'mimba ankabwera mvula ili pafupi. Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo atambala ophunzira ndiye amaposa.

Choncho m'nyengo yozizira a Joachim ankagona pa machira m'holo ya chipatala, fupa la nkhuku litamatidwa pa msongolo kuti lioneke ngati latulukira kunja, magazi a jamu wosakaniza ndi utoto akuyenderera mpaka kuchidendene. Mvula ikayandikira ankawapaka ufa kumaso kuti atuwe, n'kuwajambula chipsera chakuda pansi pa nthiti. Mphunzitsi ankawanong'oneza zochita: buulani apa, pumani mofulumira, musayankhe akakufunsani dzina. Ophunzira akachedwa kapena akalakwitsa, mphunzitsi ankawagwira chala chakuphazi, ndiye kuti nthawi yofa yakwana. Ankafa mwaulemu, mosapupuluma, mpaka dokotala wina wachinyamata anatuluka panja kukalira. Chovuta chinali nyerere basi, chifukwa nyerere sizidziwa kuti jamuyo ndi wa maphunziro.

Tsiku loyamba lenilenilo kunachitika zimene komboni sinaiwale mpaka lero. Madzi anatha pa mpopi wa chipatala, a Joachim n'kukwera thirakitala yobwerera ku esiteti osasamba. Chifukwa cha kutopa anagona chagada m'ngolo, tulo n'kuwatenga. Amayi amene ankachokera kosikelitsa masamba anasuzumira m'ngolomo, anaona magazi ndi fupa, ndipo sanafunse munthu. Maliro anafika pa komboni thirakitala isanafike. Pamene inkaima, amuna anali atayamba kale kutulutsa mipando m'nyumba, ndipo a Selestina anali pansi, amayi awiri atawagwira m'mapewa. Malemuwo anadzuka, anayasamula, n'kufunsa kuti wamwalira ndani.

Anthu anaseka mwezi wathunthu. A Selestina sanaseke.

"Baba Rumbi," anatero usiku usanagwe, akuwakhula msongolo ndi mwala mwamphamvu yoposa yofunika, "zimene mwayambazi ndi malodza. Munthu sayeserera imfa. Imamva, ndipo tsiku lina idzabwera kudzafunsa amene wakhala akuiitana."

Sanali kulankhula za m'maluwa. Ali mtsikana, bambo awo anagwa pa lole ya mitengo. Kuchipatala choyamba anaona ntchafu yothyoka, anaikonza bwino lomwe, anaikulunga chikhakha choyera. Madzulo ake bamboyo anayamba kutuwa ndi kupempha madzi. Atazindikira kuti magazi akutayikira m'mimba, anati wodziwa za m'mimba ali kuchipatala china, ndipo anawakweza galimoto. Anamwalira panjira, mutu uli pa miyendo ya Selestina, mwendo wawo uli wokonzedwa bwino kuposa mwendo wa munthu aliyense m'galimotomo. Kuyambira pamenepo mayiyu ankati chipatala chimagawa munthu ngati mbuzi ya pamaliro, mwendo kwa uyu, zam'kati kwa uyo, mwini wake n'kusowa womuyang'ana. Analumbira kuti mpeni wa dokotala sudzakhudza thupi lawo. Rumbi, mwana wawo yekhayo, anamuberekera m'nyumba chifukwa cha lumbiro lomwelo.

A Joachim ankawaopa akazi awo monga mwamuna aliyense wanzeru amachitira, koma pa nkhani iyi yokha sanamve. Chimene chinkawakoka sanathe kuchifotokoza bwino. Munthu akagona maso ali chitsinzinire, amayamba kudziwa anthu ndi manja awo. Manja a a mafupa anali olimba, otsimikiza, ogwira mwendo monga mmisiri amagwirira thabwa. Mtsogoleri wawo, Dokotala Kumbirai, bambo wamtali wa mawu a besi, ankati akakoka phazi unkamva msana wonse ukuwongoka. Manja a a m'mimba anali ofatsa, omvetsera, oyenda pang'onopang'ono pansi pa nthiti ngati akufunsa funso. Mtsogoleri wawo, Dokotala Mufaro, mayi wochepa thupi, anali ndi zala zozizira zimene zinkaima pamalo pamodzi n'kudikira. A Joachim ankadabwa kuti pali anthu amene anathera unyamata wawo wonse kuphunzira mmene angagwirire munthu wosamudziwa kuti asafe. Ankabwerako ali chete, ngati munthu wochokera ku Misa yaikulu.

Koma ankazindikiranso kanthu kena, ndipo sankakanena kwa akazi awo. M'nyengo yozizira mimba yawo inkangopitidwa mwachangu, ndipo mvula ikayandikira miyendo yawo inkagona yokha ngati ya mlendo. Sikuti madokotalawo sankadziwa. Aliyense ankaphunzitsa chimene bungwe lake linamutuma.

Nkhani ya kuphatikiza mabungwe anaimva ali chigonere, pakuti palibe amene amasunga chinsinsi pamaso pa mtembo. Pa nthawi ya tiyi aphunzitsi ankaima pambali pa machira, makapu m'manja, n'kumakambirana. Chaka china ankati sizingatheke. Chaka chotsatira ankakangana za dzina, kuti liyambe ndi mawu a mbali iti. Kenako inabwera nkhani ya baji, kenako ya mpando, kuti tcheyamani woyamba achokere kuti. A Joachim, amene anaonapo mabungwe awiri a maliro pa komboni akulephera kugwirizana chifukwa cha mapoto, anaseka chamumtima, mimba n'kugwedera, mphunzitsi n'kuwakumbutsa kuti anafa kale. Koma tsiku lina anamva Dokotala Mufaro akunena motsitsa mawu kuti watopa kulandira anthu amene afika mochedwa ndi miyendo yomangidwa bwino.  Dokotala Kumbirai anati nayenso watopa kuwatumiza.

Chaka chimene mabungwe aja anakhala limodzi, a Joachim anaitanidwa kamodzi kokha. Anawamata fupa la nkhuku, anawajambulanso chipsera pansi pa nthiti, zonse pa thupi limodzi. Atatsinzina anamva chinthu chimene sanachimvepo. Manja awiri anagwira mutu kuti usagwedezeke, ndipo mwini manjawo anawafunsa dzina. Khutu linafika pakamwa pawo kumvetsera mpweya. Lumo linayenda m'malaya. Zala zozizira zija zinali pansi pa nthiti pa nthawi yomweyo imene manja olimba aja ankamanga nsalu m'chiuno ndi kuwongola mwendo. Panalibe wolanda mnzake malo. Mawu amodzi okha, a munthu woima kumapazi, ndiwo ankaitana zochita, ena onse n'kumavomera, ngati kwaya imene yapeza nyimbo yake. Potembenuza thupi lawo anawerengera pamodzi, ndipo iwo anatembenuka ngati chinthu chimodzi, mutu, msana ndi miyendo. Tsiku limenelo palibe amene anawagwira chala chakuphazi. Misozi inatuluka yokha n'kulemba mizere mu ufa wa kumaso, ndipo wophunzira wina ananena mokweza kuti wodwala akumva ululu kwambiri. Sanali ululu. Anakumbukira apongozi awo amene sanawaonepo, atagona m'galimoto ndi chikhakha chawo choyera.

Atafika kunyumba anayesa kufotokoza. A Selestina anamvetsera akusenda mbatata, kenako anati, "Zvakanaka, chabwino. Ndiye tsopano muzifa kamodzi. Mwina tsoka lichepako ndi theka."

Tsoka silinunkha. Chaka chotsatira maphunziro anagwera sabata ya mvula yamvumbi, imene imasandutsa misewu ya m'minda kukhala sopo wofiira. M'mawa umenewo a Joachim anali kale pa machira awo m'holo ya chipatala, atapakidwa zonse, akudikira gulu loyamba. Anamva foni ikulira, mapazi akuthamanga, mipando ikukankhidwa. Anaganiza kuti ndi mbali ya phunziro, chifukwa aphunzitsiwo ankakonda kudzidzimutsa ophunzira, ndiye anapitiriza kubuula mokhulupirika. Kenako anamva mawu a a Sipiwe, amene sankayenera kukhala kumeneko tsiku limenelo.

"Sekuru, mukai. Dzukani. Ngolo ya masamba yagubuduzika pa mtsetse wa kudamu. Ndi Mai Rumbi."

Ena amene anali m'ngolomo anangosupuka. A Selestina ndiwo anapanidwa ndi chitsulo cha m'mbali. A Sipiwe, amene anaphunzira nawo chaka chapitacho, anawavula chitenje chawo chomwe n'kuchimanga zolimba m'chiuno asanawakweze ambulansi, ndipo anaimbiratu foni ali panjira. Pamene ambulansi inkaima, madokotala onse awiri anali pakhomo limodzi. Machira a pafupi anali aja a a Joachim, ndipo ndiwo anathamangitsidwa kukatenga a Selestina, jamu akadali pa pulasitiki.

A Joachim anawatsatira opanda nsapato, fupa la nkhuku likulendewera. Pa khonde panali amayi a pa komboni amene anakwera nawo ambulansi.  Anangowayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo kuyang'ana kumeneko kunanena zonse: si uyu wakhala akuiitana? A Joachim nawonso mumtima anadzifunsa funso lomwelo.

M'chipindamo a Selestina anali maso. Nkhope yawo inali itatuwa, kutuwa kumene ufa sungakufanizire, ndipo ankapempha madzi. Dokotala Mufaro anayendetsa kamakina pamimba pawo, anayang'ana pa galasi, n'kuyang'ana Dokotala Kumbirai. Kenako anawerama n'kufotokoza m'Chishona chofewa kuti kapamba wang'ambika, magazi akutayikira m'kati, fupa la m'chiuno lathyoka, ndipo ayenera kulowa nawo kufiyeta, kukawachita opaleshoni, tsopano lino.

"Ayi," anatero a Selestina. Mawu anali aang'ono koma anali awo aja. "Nditengereni kunyumba. Ndikafere pa mphasa panga ndili wathunthu."

Dokotala anayesanso, a Sipiwe anayesa, koma mayiyo anatseka maso ndi kukamwa. Munthu wamkulu amene ali ndi nzeru zake sangamulowetse kufiyeta mokakamiza. Chipinda chonse, ndi maphunziro ake onse, chinaima kudikira mawu amodzi a mayi wothyola tiyi, ndipo nambala za pa makina zinkatsika.

A Joachim anapempha malo kumutu. Atatsegula maso n'kuona magazi pa thupi la mwamuna wawo, a Selestina anadzidzimuka.

"Maiwe, nanunso?"

"Ndi jamu, Mai Rumbi. Ndi jamu uja." Anagwada kuti pakamwa pawo pafike pa khutu. "Tamverani. Pamene mwagonapa ndi panga. Ndagonapo zaka zonsezi, ndikudziwa chilichonse chimene chichitike. Amene wagwira mutu wanuyu sausiya mpaka mutagona tulo. Tsopano mumva lumo pa bulauzi, musadandaule, ndidzakugulirani ina." Lumo linayenda. "Tsopano mumva zala zozizira pansi pa nthiti, kumanzere. Ndi za mayi uyu." Zala zinafika. "Tsopano manja olimba m'chiuno, ayesa ngati chitenje chagwira. Ndi a bambo wamtaliyo." Manja anafika, pa nthawi imene ananena, pamalo pamene ananena.



"Akandigawa," ananong'ona a Selestina. "Wina atenga mwendo, wina anditumiza kwina. Ndikafera panjira ngati ababa."

"Kulibe njira lero. Kulibe galimoto. Onse awiri ali pano, alowa limodzi, atuluka limodzi. Kale ankandigwira theka, ndinkadziwa, sindinkakuuzani. Chaka chatha anandigwira thupi lonse. Ndinalira, mukukumbuka ndinakuuzani mukusenda mbatata? Ngati ndakhala ndikuitana kanthu zaka zonsezi, ndinkaitana anthu awa."

Dokotala Kumbirai, amene Chinyanja ankachimva mwa apo ndi apo, anabweretsa nkhope yake pafupi ndi ya Dokotala Mufaro kuti mayiyo awaone onse awiri pamodzi. Sananene chilichonse chanzeru. Anangoti, "Tiri tese, ambuya. Tili limodzi."

A Selestina anatseka maso, ndipo a Joachim anaganiza kuti zatha. Kenako mutu unayesa kugwedezeka movomera m'manja mwa amene anaugwira.

"Chitenjecho musachitaye," anatero. "N'chatsopano."

Machira anathamanga. Chitseko cha fiyeta chili ndi kawindo kakang'ono, ndipo chitseko chachiwiri m'kati mwake chili ndi kena. A Joachim anaima pamenepo mpaka namwino anawachotsa, ndipo zimene anaona zinali zochepa: misana yobiriwira itazungulira nyali, mutu wamtali ndi mutu waufupi zitaweramira pamodzi, dzanja lina likutambasuka osayang'ana, chitsulo n'kugwera m'dzanjamo. Amati mpaka lero sanaonepo chinthu chokongola chotero, ngakhale nkhalango ya Chirinda m'mawa. Anakhala pa benchi tsiku lonse osasamba, nyerere zikukwera msongolo, iwo osazimva. Dzuwa litapendeka zitseko zinatseguka, ndipo madokotala awiri aja anatulukadi limodzi, zipewa zitanyowa ndi thukuta. Dokotala Mufaro ndiye analankhula. Anati kapamba amuchotsa, magazi aleka, chiuno achigwiriza ndi zitsulo, ndipo mayi akupuma okha. Apo ndi pamene a Joachim anagwa. Amene anaona amati sikunali kugwa kwabwino konse, anatsogoza dzanja ngati munthu wamba.

A Selestina anachira pang'onopang'ono. Rumbi anabwera kuchokera ku Mutare kudzawasamalira, ndipo patapita miyezi anayamba kuyenda ndi ndodo. Kumunda wa tiyi sanabwererenso, amagulitsa nthochi ndi mapeyala pa geti, pafupi ndi pamene amuna awo amalondera. Pa komboni nkhaniyi inagawa anthu. Ena amati imfa inabweradi kudzafunsa amene ankaiitana. Ena amati inabwera koma inapeza pakhomo pali anthu. A Selestina sanaweruzepo, ndipo amene akudikira kuti adzawamve akunena kuti amuna awo ankalondola adikira mpaka tsitsi lituwe.

A Joachim anali ataganiza zosiya. Chaka chitazungulira, a Sipiwe atabwera ndi uthenga wakuti madokotala afika sabata yamawa, anayankha kuti akalamba, apeze wina. Ananena mokweza kuti akazi awo, amene anali kuseri kwa nyumba, amve.

Lamlungu limenelo kunaphikidwa nkhuku, chinthu chosachitikachitika pakati pa mwezi. Atatha kudya, a Selestina anatola fupa la ntchafu m'mbale ya amuna awo asanaliphwanye ndi mano. Analipala ndi mpeni, analitsuka, analiyanika pa denga la bafa. M'mawa wa tsiku la maphunziro a Joachim anapeza malaya awo akale, aja osokedwasokedwa chifukwa cha lumo, ali pa mpando, fupa lija litakulungidwa m'kansalu pamwamba pake.

"Lija la chaka chatha linali laling'ono, silinkaoneka ngati la munthu," anatero a Selestina, osawayang'ana, akulongedza nthochi m'beseni. "Pitani mukagone. Ndipo musamafe msanga, Baba Rumbi. Apatseni mpata anawo aphunzire."